Makandulo Awiri

Kwatsala masiku asanu ndi limodzi.
Zonse ndalemba kuseri kwa lisiti la madzi:
fulawa, mazira khumi, shuga,
mabaluni, koma ofiira ayi, amawaopa,
Sobo botolo limodzi,
tidzamuthira madzi mpaka adzaiwale mtundu wake.

Uchizi, mwini wake wa phwandoli,
wakhala m'beseni lochapira pakhonde,
akuyendetsa minibasi ya ku Ekwendeni
ndi chivundikiro cha poto.
Sakudziwa kuti Loweruka likubwerali ndi lake.

Ndinakafunsa keke kwa mayi uja wa ku Katoto.
Atatchula mtengo ine ndinaseka,
iye sanaseke.
Ndiye ndiphika ndekha pambaula,
makala pansi, makala pamwamba,
monga anandiphunzitsira NyaMhango
amene keke yake imapserera mbali imodzi
ndipo mbali imeneyo amaiyang'anitsa kukhoma.

Oitanidwa ndinawerenga asanu ndi atatu.
Koma kuno ku Chibavi mpanda ndi dzina chabe.
Baluni imodzi ikangolendewera pawaya wa zovala
ana a mzere wonse adzatuluka ngati inswa,
ena atabereka ang'ono awo,
mapazi ali psuu ndi matope.
Ndawonjezera mbuliwuli wa ku Zigwagwa.
Mbuliwuli saopa khamu.

Bambo ake aimba kuchokera ku Joni:
"Gulani chilichonse, ndatumiza."
Chilichonsecho chakwana nsapato ndi nkhuku imodzi yowonda.
Akuti tsikulo tidzatsamiritse foni kubotolo
kuti nawonso adzakhale pagome.
Mwana amawadziwa ngati munthu wokhala m'galasi,
amawapsompsona mpaka nkhope yawo kuchita nkhungu.

Mvula sindinailembe.
Ya kuno ku Mzuzu siidikira kuitanidwa,
imafika mowaza, ngati mlamu wongodutsa,
n'kukhala mpaka Lachiwiri.
Ndabwereka lona kwa a Gondwe a kabaza,
ali ndi chibowo pakati, tidzaikapo ndowa.

Chaka chatha, tsiku ngati limenelo,
tinali ku Central, wodi ya ana,
bedi loyandikira zenera losatsekeka,
chibayo chikumukoka nthiti m'kati,
kachubu m'mphuno.
Sindinkawerenga alendo.
Ndinkawerenga mpweya.
Namwino wina, dzina sindinamufunse,
ataona deti m'kabuku ka kusikelo
anabwera ndi nthochi imodzi ya ku Nkhata Bay
n'kuiika pakabati osanena kanthu.
Inadera pomwepo, palibe anaisenda.

Apongozi anena kale zawo:
"Kamwana ka zaka ziwiri kadzakumbukira chiyani?
Ndalama zimenezo ndi theka la thumba la feteleza."
Sakunama.
Sadzakumbukira keke, kaya mabaluni,
kaya diresi lachikasu ndinalipeza pakaunjika
nditafukula mulu wonse ngati nkhuku.
Wokumbukira ndine.
Kandulo imodzi ndi ya chaka chino,
inayo ndi ngongole.

Usiku uno magetsi azimanso.
Ndayatsa kandulo ya masiku onse,
yomata pachivundikiro cha botolo,
ndamukhazika pamwendo.
"Tiye tiyeserere. Uzira, Uchizi. Fuu!"

Koyamba walavula.
Kachiwiri wafuna kugwira lawi ndi chala,
ndamubweza, wandiyang'ana ngati ndamubera.
Kachitatu watupitsa masaya,
chifuwa chija, chomwe chija
ndinkachiyang'anira usiku wonse ngati mkaka pamoto,
chadzaza pansi pa dzanja langa,
chadzazabe,
ndipo mdima wagwa nyumba yonse.

Kunja galu wa a Gondwe akuuwa nkhungu.
Madontho ayamba kugogoda malata.
Machesi ali penapake patebulo,
pafupi ndi lisiti lija
lomwe masamu ake sakugwirizanabe.
Sindikufulumira kuwafuna.

Mumdimamo kamunthu kakuseka,
kakundimenya patsaya ndi kadzanja konona,
fungo la chiponde ndi sopo.
"Kenanso, amama.
Kenanso."