Kamuvi Koloza Kumanzere

Ku Plovdiv, pansanjika yachinayi,
pamwamba pa shopu ya matayala,
Desislava analemba mizere isanu ndi iwiri.
Dzira likanakhala pamoto silikanapsa n'komwe.

Bwana Zdravko anali atanena: anthu akuthawa msanga,
amalowa, kusuzumira, n'kutembenuka.
Tseka njira yomwe adzera.
Munthu akasowa potulukira amagwira chilichonse.

Kamuvi koloza kumanzere kalipobe,
kooneka kaulemu,
koma ukakadina umapezeka pomwe unali,
ukadinanso, pomwepo,
kachitatu chala chimaterereka ndi mkwiyo
n'kugwera pa chithunzi cha mankhwala a dazi.
Khobidi limagwa m'thumba la Zdravko
popanda phokoso.

Lachisanu mzere wa phindu unakwera ngati utsi.
Bwana anagula banitsa, onse anadya,
zala zinanona.

Lamlungu foni inalira. Bambo ake, ku Smolyan,
mawu ali pansipansi:
ndimafuna nthawi ya basi yopita kuchipatala
koma chinthuchi chikundikaniza kubwerera.
Ndadina, ndadina. Kaya manjawa atha.
Kaya ndi mutu, monga zinawayambira amayi ako.

Desislava anayang'ana kudenga.
Tsamba limenelo sanalilembe iye.
Analemba ndi wina, mumzinda wina,
wodziwa mizere isanu ndi iwiri yomweyo.

Si inuyo, Bambo, anatero.
Ingozimitsani, muyatsenso.
Anamva mpweya wawo
akufufuza batani la m'mbali ndi chala chachikulu,
kenako foni inaduka.