Galimoto ya Chiperoni

Tinapita Loweruka, kutacha ndi mawawa,
phiri la Soche litafunda nkhungu mpaka m'chiuno.
A Makwinja anati tsiku lake ndi lomweli:
galimoto sagula dzuwa likuswa mtengo,
padzuwa ngakhale chiphapha chimamwetulira.

Ndalama zinali m'chikwama cha mwana cha kusukulu,
za banki m'khonde, za mausiku anga ku Queens,
ndi za firiji ya malemu amayi.
Sizinali zambiri.
Ndinkaziwerenga usiku uliwonse
ngati mwina zaswana.

Pa Ginnery Corner madobadoba anatizinga.
Wina wa jekete lachikopa, Fulaye,
anandikokera ku yofiira, yonunkhira sopo.
"Iyi, asisi, yangotsika kumene.
Mwini wake ankangopita nayo kumsika."
A Makwinja sanayankhe.
Anagoneka chikhatho pa boneti,
n'kumuyang'ana m'maso:
"Yafunda. Mwaidzutsa tisanafike.
Mumaopa kuti timva chiyani?"

Yachiwiri inali yoyera ngati yunifomu yanga,
koma matayala ometedwa mpala.
Ndinaona mtsetse wa ku Chigumula utanyowa,
ndinaona lole ya njerwa itaima pakona.
Ndinadutsa.

Ine sindikufuna yoti anthu atembenuke.
Ndatopa n'kuima pasiteji tambala asanalire,
minibasi osabwera,
mphepo ikulowa m'masokosi.
Ndimafika kuwodi zala zitauma gwa,
ndiye pali kamwana kakudikira diripi,
kamtsempha kake kowonda ngati ulusi.
Ndimayamba ndapumira m'manja
mayi ake akundiyang'ana.

Yachitatu inali kumapeto, kufupi ndi mpanda,
yotuwa, mbalame zitaisainira padenga,
chitseko chimodzi chobwereka kwa inzake yabuluu.
Boneti yozizira ngati mwala wa mumtsinje wa Mudi.
Ndinapotoza kiyi.
Inatsokomola kamodzi, ngati munthu wofuna kulankhula pamaliro,
kenako n'kulira bwinobwino.

A Makwinja anagwada m'matope,
anagogoda pansi pake kusaka dzimbiri,
ananunkhiza oyilo pachala,
anaima kumbuyo kuwerenga utsi.
"Yatsani mawaipa."
Imodzi inalira ngati khoswe, koma inapukuta.
"Yatsani hita."
Tinadikira.
Nthunzi ya pagalasi inayamba kuthawa kuchokera pansi,
pang'onopang'ono,
mpaka ndinaona msewu, ndi mayi wogulitsa nthochi tsidya lina,
ndi ambulera yake yothyoka nthiti.
Mpweya wofunda unandigwira m'mawondo.
Sindinafune Fulaye aone nkhope yanga.

Wailesi ndi yakufa.
Zenera lakumbuyo silitsika.
Mpando uli ndi bala la ndudu ya munthu amene sindidzamudziwa.

Tinakwera nayo kudutsa Limbe,
kulowera msewu wa ku Thyolo kumene nkhungu imagona pa phula.
Nyali zake zachikasu zinkaboola mayadi ochepa chabe,
koma ochepawo ndi amene ndimafuna.
Ndinaponda buleki mwadzidzidzi.
Inaima osatsetsereka, osakhotera kudzenje.
A Makwinja anangoti, "Eya."
Chiyambireni m'mawa anali asananene mawu okoma choncho.

Tinatsutsana mtengo mpaka tiyi wa Fulaye anazizira.
Analumbira pa ana ake, ine ndinatseka chikwama,
anandiitana ndili pageti.
Zotsala zinakwana batire latsopano
ndi mafuta osadzaza n'theka lomwe.

Lolemba, mdima udakalipo,
chiperoni chikunong'ona pamalata,
ndinatuluka ndi tochi, mtima uli m'mwamba.
Inatsokomola kamodzi.
Pasiteji ndinapeza Abiti Saizi ndi beseni la mandasi,
atadzikulunga zitenje ziwiri.
Ndinatsegula chitseko chabuluu chija.
Anakhala chete mpaka pa Chichiri,
manja atatambasulira kotulukira mpweya,
kenako anafunsa ngati motowu
umalipiridwa padera.