Njira ya Kumtunda, Okutobala

Lekeleni, bondo langa lakana chaka chino,
alendo aja ukwera nawo ndiwe.
Ndiye tamvera.

Udzuke nkhuku zisanatsike.
Phiri la Mchinji m'mwamvu silidikira wosamba kaye.
Ikamakwana naini thanthwe limakhala chiwaya,
ukaligwira limakulanda khungu la m'manja.

Kasupe wa patsinde pa mkuyu waphwa.
Ndinadzikokera komweko Lachiwiri,
ndinapeza matope ong'aluka
ndi mapazi a anyani, nawonso anabwerera kukhosi kuli gwa.
Senza zigubu ziwiri.
Mlendo adzati kabotolo kake kakwana.
Umuyankhe kuti eya, koma usenzebe.

Moto wadutsa mbali ya kum'mawa.
Udzu tinkagwira potsetsereka paja kulibe,
kwatsala phulusa, zitsotso zobaya ngati misomali
ndi timiyala tothawa pansi pa phazi.
Ponda cham'mbali, monkira nkhanu.
Pamng'alu wachiwiri pali njuchi,
pamenepo fodya ayi, phokoso ayi.
Chitedze chili pomwe chinali.

Wotsogola mwaliwiro usamusirire,
ndi yemweyo udzamupeze atakhala pamwala, milomo itayera.
Uziyang'ana wam'mbuyo, wosalankhula uja.

Tsono ichi usachiiwale.
Nyenje zikangoti zii,
mphepo n'kubwera ndi fungo la dothi lonyowa,
mtambo wakuda n'kusuzumira cha ku Chipata,
bwererani.
Ngakhale nsonga ili apo, poti mwala ungafike,
ngakhale akuwonjezere ndalama.
Chizimalupsa sichiodira.
Madontho makumi awiri pa phulusa,
thanthwe lonse lasanduka therere.

Malume ako a Gelesomu ankalidziwa phirili kuposa ine.
Anati mphindi khumi zokha.
Tinawatsitsa usiku pa machira a matumba a feteleza,
anthu asanu ndi mmodzi, tochi imodzi,
ndipo nsapato yawo yakumanzere
idakali komweko.

Mukafika pamwamba adzadandaula za utsi,
kuti dziko silikuoneka, zithunzi sizikutuluka.
Uwalozere njanji, kachingwe kong'anima kolowa ku Zambia,
uwalozere madambo kumene Bua akuyamba kukwawa.
Kenako uwasiye apume.
Pali masuku kuseri kwa mwala wogawanika,
mwina sanapse, ulawe wekha kaye.

Potsika m'pomwe phiri limalipiritsa.
Mawondo amanjenjemera, maso ali kale kunyumba.

Pathanthwe lafulati paja foni imagwira.
Ungoliza kamodzi, sindiyankha, usawononge mayunitsi.
Ndidzakhala pakhonde, mwendo pampando,
kuyang'ana kumene mitambo ikuchokera.