Botolo la Misomali Yopindika

Agogo Toivo, lero tatsegula galaja yanu,
patha masabata atatu chikuikireni.
Chipale chinaunjikana pakhomo mpaka m'mawondo,
Arvo walimbana nacho ndi fosholo
mpaka chitseko chavomera.
Mkatimu muli fungo lanu lomwe lija:
oyilo, utuchi wa paini,
ndi khofi amene anaumira m'kapu yachitsulo.

Pa alumali pali mabotolo makumi atatu ndi limodzi.
Lililonse munalimata kapepala,
zilembo zanu zopendekera kumanzere ngati zikuthawa mphepo:
mabawuti, mahinjesi, makiyi osadziwika zitseko zake,
ndipo lomaliza, kukona,
"misomali yopindika, ingathe kuwongoka."
Kutchalitchi ndinalimba mtima.
Apa m'pamene ndalirira.

Mu Calumet muno ndani sanagogodepo pakhomo pano?
Mayi Pascoe ndi wotchi yawo yoima,
mnyamata wa kwa Lahti ndi njinga yoduka tcheni,
abusa, ng'anjo yotenthetsera tchalitchi itazima pakati pa Januwale.
Munkachitembenuza chinthucho m'manja,
kuchiika kukhutu ngati mwana wodwala, n'kunena,
"Sichinafe ichi, changotopa."
Ndalama munkakana. Wina akakakamira
munkati, "Ndiphikireni khofi, koma wopanda shuga,"
mwini nyumba akangotembenuka
inu n'kuthiramo masipuni atatu.

Munandigwiritsa hamala ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Ndinadziphwanya chala, chikhadabo chinada bii.
Simunandinyengerere.
Munatambasula dzanja lanu lamanzere,
chala chimodzi chachifupi, nsonga yake inatsala mumgodi wa kopa,
n'kunena, "Mphunzitsi wanga ndi ameneyu."
Kenako munandigulira ayisikilimu kunja kukuzizira koopsa,
tinadya tikunjenjemera tonse awiri,
ndipo amayi sanauzidwe mpaka lero.

Koma wofuna kukudziwani afunse za a Elmer.
Munatsikira limodzi mumgodi muli anyamata,
mkate umodzi kuunyema pawiri mumdima wapansi.
Sitiroko itawagwetsa,
mwendo ndi lilime zitakana ntchito,
ana awo ali kutali ku Detroit,
inu munafika ndi matabwa Loweruka lomwelo
n'kukhoma kanjira kotsetsereka kuti njinga yawo izituluka m'nyumba.
Zaka khumi ndi chimodzi, Lachinayi lililonse,
munkawameta ndevu, kuwawerengera nyuzipepala,
kusewera nawo makhadi, n'kumawabera iwo akuona
kuti apse mtima,
poti akapsa mtima mawu ankabwerera.
Msewu ukatsekeka ndi chipale, munkapita wapansi.

Pamaliro anu a Elmer anakhala kutsogolo,
dzanja lawo lamoyo litafumbata chipewa chanu chaubweya.
Anayesa kulankhula, milomo ikunjenjemera,
tonse tili chete, kudikira.
Linatuluka liwu limodzi lokha:
"Wakuba."
Tinaseka misozi ili chuchuchu,
ndi abusa omwe.

Zonse munkakonza, kupatula mtima wanu.
Adokotala anakuletsani fosholo kawiri konse.
Tinakupezani pakhonde la mnansi,
njira yake mutaisesa theka.

Tsopano patebulo lanu pali wailesi yong'ambidwa mimba,
mawaya ali panja, sikuludiraiva ili pambali
ngati mwangotuluka kukamwa madzi,
ndi kapepala kena: "Ya Elmer. Lachinayi."

Ine zamagetsi sindizidziwa, agogo.
Arvo akuti tingogula ina, n'zotsika mtengo masiku ano.
Koma ndakoka mpando wanu uja wolira,
ndayatsa getsi la pamwamba,
ndaiika wailesiyo kukhutu.
Sindikumva kanthu.
Mwina yangotopa.

Lero ndi Lachiwiri.
Makhadi ndawapeza m'thumba la jekete lanu,
limodzi litabisidwa m'mkono.