Mapu a Wiebke

Ndinafika ku Leipzig Lachisanu usiku,
sitima itaima mphindi makumi anayi pa Halle
chifukwa cha nthambi yogwera pa mawaya.
Wiebke anandichingamira ndi chikhoti chomwe chija,
chobiriwira, cha masiku a ku yunivesite,
batani lachitatu silinabwererebe.
Tinakumbatirana mwamanyazi
ngati anthu okongozana ndalama.

Nyumba yawo inali fakitale ya thonje ku Plagwitz.
Pomwe amayi mazanamazana ankapota ulusi
lero Radek amayanikapo masokosi a mwana.
Anatiphikira kachewere ndi kabichi wowawasa,
nafunsa katatu konse ngati mchere wakwana,
kuopa kuti patebulo pangagwe chete.

Loweruka tinayenda m'mbali mwa ngalande.
Wiebke satha kungoyenda ngati munthu:
msewu uwu anauchepetsa dala kuti njinga zipume,
apa panali njanji, apo anagwetsa midadada isanu
anthu atathawira kumadzulo kukasaka ntchito,
tsopano abwerera, lendi yakwera, akulira.
Ine ndinkangoyang'ana imvi kuseri kwa khutu lake.

Madzulo anatsegula kompyuta pakati pa makapu.
Zaka zisanu ndi ziwiri za moyo wake, ndi izi:
Ulaya yense wovulidwa malire,
watsala ndi mitundu yokha.
Chikasu ndi pomwe chipatala, sukulu ndi siteshoni
uzipeza theka la ola lisanathe.
Kufiira ndi ola lathunthu.
Kuda bii ndi komwe mimba ikawawa usiku
umayamba wapemphera kuti galimoto ilire.
Ku Brussels amafuna masamba mazana atatu, anatero,
amawerenga awiri, nkufunsa ngati mtundu wakudawo
sungayereko pang'ono.

Chala changa chinayenda chokha,
kudutsa Magdeburg, kukwera kumpoto,
mpaka chinamira mumdima wa ku Altmark.
Tjark ali apa?
Radek ananyamuka kukaona mwana yemwe sanalire.

Tinali anayi pa khitchini imodzi ku Dortmund,
ndipo wojambula mapu mwaluso anali iyeyo,
ankalemba mitsinje ndi dzanja lamanzere akudya apulo.
Anapita kukadwazika bambo ake miyezi itatu.
Bambo anatsogola, njuchi zawo zinatsala,
iye anatsala ndi njuchizo.
Kwawoko basi imadutsa kawiri patsiku,
Lamulungu imapuma.

Tinayesa, ndisaname.
Galimoto ya Radek inali ku galaja, yopanda mabuleki.
Foni inatiwerengera maola asanu ndi mphindi makumi awiri,
kusintha sitima katatu,
kenako makilomita khumi ndi limodzi opanda yankho.
Tikiti yanga yobwerera inali ya folo koloko.
Wiebke anatukwana m'zinenero ziwiri.

Ndiye tinamuimbira, foni itatsamira botolo la mkaka.
Mawu ake anenepa, kuseka ndi komwe kuja.
Kumbuyo kwake kunkamveka mphepo ndi chitseko.
Anati dokotala wa mano anatseka chaka chatha,
anati nkhandwe yamudyera nkhuku ziwiri,
anati, Wiebke, ukandilembe bwino mu lipoti lako,
kuno sikutali, akutali ndinu.
Kenako netiweki inamumeza pakati pa dzina langa.

Wiebke anakwera pampando, nafufuza kuseri kwa ufa,
natsitsa botolo la uchi lomwe anatumiza dzanadzana,
zaka ziwiri zapitazo, anavomera,
losatsegula, lolimba ngati sopo.
Tinalikumba ndi mpeni, tinapaka pa buledi wakuda,
mwana ananyambita chivindikiro.
Palibe anatchula mapu.

Pano ndili m'sitima, minda ya beti ikuthawa pawindo.
Penapake kumanzere, kuseri kwa makina a mphepo,
pali munthu wovala chisoti cha ukonde
amene sindinamuone zaka khumi ndi zinayi.
Kondakitala wandipempha tikiti.
Yamatirira ku chala changa,
ndipo akudikira, moleza, kuti ndiimatule.