Mawu Obwereka

Foni si yanga, ndi ya Che Sumani
otchaja mabatire kuseri kwa depoti ya Salima.
Amandibwereka ola limodzi magetsi akakhalapo,
ndipo ndimakhala pabenchi yothyoka mwendo
kukopera Chisipanishi m'kope la masamu la mng'ono wanga.

Kwatsala miyezi itatu kuti ndikwere ndege
kukaphunzira udokotala kutsidya kwa nyanja yamchere.
Ndinkayesa ndiyamba ndi mayina a mafupa,
koma phunziro lachinayi likuti: kupempha.

Por favor.
Lilime likupunthwa kumapetoko
ngati njinga ya kabaza pamwala.
Ayúdame, ndithandize.
Préstame, ndibwereke.
¿Me haces un favor?
Funso lawo limayamba ndi chizindikiro chozondoka,
ngati munthu wowerama asanatsegule pakamwa.

Kwathu kupempha sitinakuzolowere.
Bambo anapita kumanda osanenapo chonde kwa munthu;
ankati wopempha amagulitsa nkhope yake
pamtengo wa tomato wamadzulo.
Ndinatengera khosi lawo louma.
Kusekondale ndinachapa ndi madzi okha temu yonse,
sopo wa Ndaziona ali pawindo pomwepo.

Tsono ndalama ya pasipoti yaperewera,
ndipo amayi akuti: pita kwa Anasoko.
Anasoko a mpunga wa ku Lifuwu,
omwe ndinkawadutsa osapereka moni
chaka chija cha mkangano wa malire a dimba.

Njira yonse ndinanka ndiyeserera m'Chisipanishi,
poti m'chinenero cha eni manyazi sandizindikira.
Necesito un favor. Necesito un favor.
Mbuzi za panjanji zinaleka kudya n'kundiyang'ana.
Nditafika pakhonde, mawu onse achilendo anathawa,
panatsala kachonde kamodzi, kosasa,
kotuluka ngati chifuwa.

Sanafunse zambiri.
Anamasula mfundo ya chitenje,
ananyowetsa chala, anawerenga kawiri,
nati: ukadzabwera udzandione bondoli.

Madzulo ndinabwerera pabenchi paja.
Tsamba lotsatira linali la mayankho.
Te debo una, ndili ndi ngongole yako imodzi.
Imodzi?
Ndinalemba dzina la Anasoko pambali,
pansi pake la Che Sumani,
la Ndaziona amene ankaiwala dala sopo uja,
la mwini kope amene akulemba masamu pachikuto,
mpaka inki inayamba kuzilala.

De nada, akuti si kanthu.
Apa ndinaima.
Ndinaona nsonga ya chitenje ija
ili lende, yokwinyika, yopanda mfundo.
Si kanthu bwanji,
matumba awiri a mpunga wopunthidwa ndi bondo lotupa?
Kapena mawuwa sanapangidwire kunena zoona.
Ndi nsalu yofunditsa wopempha
kuti abwerere kwawo osaoneka maliseche.

Magetsi anathima.
Che Sumani anatambasula dzanja mumdima.
Gracias, ndinatero.
Anaseka:
galasi lanjinso, mwana iwe?
Bweretsa foniyo. Ubwerenso mawa.