Dzenje Loyesera

Ndinatsika njinga yamoto pa Jali
fomu ili m'jumbo kuti isanyowe.
Ili ndi mafunso makumi anayi ndi awiri,
ndipo pansi pake pali kampata kakang'ono
kodikira dzina langa.
Nyumba makumi asanu zikudikira kampata komweko.

Pabwalo la sukulu matenti achita nguwi.
Ana akuphunzirira pansi pa mtengo wa kesha
chifukwa m'kalasi ya Sitandade 4 mukugona mabanja asanu ndi atatu,
zipupa zawo ndi zitenje zopachika pa chingwe.
Abiti Lajabu anandigwira mkono asanandipatse moni:
"Ndinu aja owerenga mitengo?
Ifenso mutiwerengeko. Tilipo."

Ndinawauza zomwe ndimauza aliyense,
kuti ndalama za boma sizituluka
malo asanaunikidwe,
kuti ndi lamulo, si ine.
Anangoti "Eya,"
eya wa munthu amene anazimva kale zimenezo
kwa ena ovala nsapato ngati zanga.

Malowo ndi okongola, ndisaname.
Osalala ngati tebulo,
phiri la Zomba likusuzumira chapatali.
A Kapalamula a kontirakiti athira kale mchenga milu itatu,
zikhomo zawo zofiira zandanda m'mizere.
Ndinauza anyamata akumbe dzenje loyesera.
Khasu linkalowa ngati m'phala.
Lisanafike m'chiuno, dzenjelo linayamba thukuta.
Tinakhala pamthunzi kudya chinangwa chootcha.
Pobwerera tinapeza madzi afika theka,
kachule katalowamo kale ngati kalipira lendi.

Funso 17: chimbudzi chidzatalikirana bwanji ndi mjigo?
Funso 23: nkhuni zootchera njerwa zidzachokera kuti?
Funso 31: kodi madzi osefukira anafikapo pano?
Onse anayang'ana zala za kumapazi.
A Kapalamula anayang'ana wotchi.

Che Likoswe, amene m'mawa anandikalipira kuposa onse
kuti pepala silifunda munthu,
anandikokera pambali ngati akufuna kupempha ya sopo.
Anandilozera mkuyu wa kumalire.
M'nthambi, pamwamba kuposa mutu wanga,
munakola chidutswa cha neti ya udzudzu
chotuwa ndi matope ouma.
"Ija ndi yanga," anatero. "Inachokera kwathu, kutsidya uko.
Musakanene kuti ndakuuzani ndine.
Mkazi wanga akutsokomola m'tenti,
ndipo anthu amenewa ndi omwe adzandiike m'manda."

Ndinavundukula cholembera. Ndinachivundikiranso.
Kuofesi akanena kuti ndikuchedwetsa chitukuko,
kuti ndalama zibwerera kumene zinachokera
chaka cha boma chikatha.
Kuseri kwa tchalitchi kuli chitunda chouma,
koma chili ndi eni ake,
ndi fomu yakeyake,
ndi miyezi yake.

Pa funso 31 ndinalemba: Inde. Kuposa mamita awiri.
Pomwe akufunsa wopereka umboni ndinalemba: mkuyu.
Kampata kaja ndinakasiya koyera.

Palibe anandiperekeza.
Anyamata anakwirira dzenje lija asanauzidwe,
kuopa kuti mwana angagweremo,
kapena kuti wina angalionenso.
Mvula inandipeza ndisanafike pa Matawale,
inalowa m'khosi, m'nsapato, m'thumba la foni.
Fomu yokha sinanyowe.

Usiku uno malata anga akulira.
Palibe pomwe pakudontha, ndayang'ana kawiri.
Tulo takana, ndiye ndayamba kuwerenga
monga anandipemphera:
Abiti Lajabu, mmodzi.
Che Likoswe, awiri.
Mkazi wawo wotsokomola uja, atatu,
ngakhale dzina lake sindinafunse.
Pafomu panalibe funso limenelo.